Galimoto ya Bambo ku Galaja ya Alamu

Chitsulo anali pansi pa lole ya kasitomala pamene anamva anthu a mumsewu akuseka. Atatulutsa mutu anaona galimoto ya bambo ake ikudutsa, itamangidwa chingwe kumbuyo kwa pikapu ya mlamu wake. Bambo akewo anali pa chiwongolero, chipewa chili kumutu, akuyang'ana kutsogolo mwaulemu wonse ngati galimotoyo ikuyenda ndi mphamvu zake. Iye anadzuka msanga, n'kupukuta m'manja, n'kukankha geti la galaja yake kuti alowe bwino. Koma pikapu ija sinakhote. Inapitirira pang'onopang'ono n'kukalowa pa galaja ya mlamu wakeyo, kutsidya kwa msewu, pafupi ndi sitolo ya matayala.

Anaima pagetipo kanthawi. Kenako analibweza monga linalili, n'kuligwedezagwedeza kuti oona aziti amangoyesa ngati likutseguka bwino.

Galimotoyo inali yakale kuposa iye. Bambo ake anaigula asanakwatire, nthawi imene ankayendetsa mabasi a maulendo ataliatali. Inali yobiriwira, ya nyale zozungulira, ndipo mpando wake wakutsogolo unali umodzi wautali ngati benchi. Chitsulo anaphunzirira umakaniko pa injini imeneyo, ndipo dzina lakelo anzake anamupatsa chifukwa manja ake ankagwira zitsulo zotentha osamva kanthu. Chitsegulireni galaja yake, panalibe munthu wina amene anamasulapo bawuti pa galimoto ya bambo ake.

Mlamu wakeyo anabwera kwa iye kalekale, asakudziwa n'komwe kusiyana kwa sipanala ndi pulayazi. Chitsulo anamuphunzitsa ntchito yonse. M'kupita kwa nthawi munthuyo anakwatira mlongo wake wa Chitsulo, kenako n'kutsegula galaja yakeyake. Awiriwo sanakanganepo. Mlamuyo anali wofatsa moti kukangana naye kunali ngati kumenya thumba la thonje.

Masana Chitsulo anawoloka msewu, akuti akukabwereka jeke, pamene kwake majeke analipo oti ena n'kugulitsa. Anapeza boneti ili yasa, anthu awiri atawerama mitu pamodzi. Bambo ake anali atavala ovolosi yawo yakale ya kumabasi, imene iye ankaganiza kuti inatayidwa kalekale. Anamupatsa moni bwinobwino n'kumufotokozera zimene zinachitika. Akuchokera kokaona mnzawo wodwala, paipi ya madzi inaphulika. Anaona singano ya kutentha ikukwera, koma anati kunyumba n'pafupi, afika. Posakhalitsa kumbuyo kunayamba kutuluka utsi woyera, injini n'kutsokomola, n'kuzima.

Mlamu uja anasolola kachitsulo koyezera oyilo n'kumuonetsa. Oyiloyo anali atasanduka ngati tiyi wamkaka. Onse awiri anadziwa tanthauzo lake: gasiketi, kachinthu kopyapyala kamene kamagona pakati pa thunthu la injini ndi hedi, chivundikiro chake chapamwamba, kuti madzi, oyilo ndi moto zisakumane, inali itapsa.

“Alamu, inu mukuona bwanji?” anafunsa mlamuyo.

“Mwini ntchito ndi inu,” anatero Chitsulo.

Nthawi yomweyo bambo aja, mutu udakali mu injini, anati, “Tandipatsa nsanza iyo, mwana wanga.” Chitsulo anatambasula dzanja kufuna nsanzayo. Koma madalawo anali atatembenukira kwa mkamwini wawo, ndipo anali mkamwiniyo amene anawapatsa. Kale ankamutchula kuti inu, monga amachitira munthu ndi mwamuna wa mwana wake. Chitsulo sanadziwe kuti iwe ameneyu anayamba liti. Anabwerera ku galaja yake wopanda jeke, ndipo patangopita kanthawi mlamu wake anamubweretsera, atainyamula paphewa, n'kumuuza kuti waiwala.

Kunyumba anafotokozera mkazi wake nkhani yonse, mpaka ya nsanza ija. Mkaziyo anamvetsera akusita malaya, kenako anamukumbutsa kuti iye yemweyo ndi amene ankadandaula kuti galimoto ya bambo imamudyera nthawi ya makasitomala. Chitsulo anati zimenezo n'zina. Mkaziyo anaseka n'kunena kuti nsanje yotereyi anangoionapo kwa mkazi wamkulu mwamuna akabweretsa wachiwiri.

Nkhani za kutsidya zinkamupeza kudzera kwa wamatayala, munthu wosatha kusunga mawu m'kamwa, amene ankamwa tiyi m'magalaja onse awiri. Hedi anaichotsa, n'kupeza kuti yapindika ndi kutentha, choncho anaipititsa kwa a makina opala zitsulo kuti akaiwongole. Mavalavu awiri, tizitsulo totsegula ndi kutseka njira za mpweya mu hedi, anapsa, m'mphepete mwake mutadyeka ngati mwaluma khoswe. Ena olowa m'malo mwake anawapeza kumene amaphwasula magalimoto akufa. Chimene chinasowa chinali gasiketi. Mlamu uja anazungulira masitolo onse a zipangizo, anaimba mafoni kutali, koma ogulitsa ambiri galimotoyo sankaidziwa ndi dzina lomwe.

Chitsulo gasiketiyo anali nayo. Anaigula zaka zambiri zapitazo pamene sitolo ina yakale inkatsekedwa, n'kuisunga pakati pa matabwa awiri opyapyala pamwamba pa kabati, m'kachipinda kosungira zipangizo. Anaisungira tsiku ngati limeneli. Ankaganiza kuti bambo ake adzabwera ali ndi nkhawa, iye n'kukwera pampando mosafulumira, n'kuitsitsa, madalawo n'kugwira pakamwa.

M'malo mwake amene anabwera anali mlamu wake, chipewa chili m'manja, kudzafunsa ngati akudziwa kumene angaipeze. Chitsulo anakanda m'mutu, n'kuyang'ana kudenga. Anati zinthu zoterozo zinatha kalekale, ndipo mwina chanzeru n'kungoikamo injini ya magalimoto atsopanowa. Ankadziwa bwino kuti bambo ake angalole kuyenda pansi moyo wawo wonse kusiyana n'kuchita zimenezo. Mlamuyo anathokoza n'kubwerera. Chitsulo analowa m'kachipinda kaja, n'kuyang'ana pamwamba pa kabati. Matabwa aja anali pomwepo.

Ankadikira kuti tsiku lililonse aona chingwe chija, galimoto ikuwoloka msewu kubwera kwa mwini wake weniweni wa ntchitoyo. Sizinatero. Chimene ankaona n'chakuti m'mawa uliwonse bambo ake ankatsika basi pakona, ovolosi ili m'jumbo, n'kudutsa pageti pake, kukweza chipewa, kufunsa za adzukulu, kenako n'kuwoloka.

Kuchokera pamene ankagwirira ntchito ankatha kuona mkati mwa galaja ya kutsidya. Hedi inali itabwera kopalidwa, itagonekedwa chagada patebulo. Bambo ake ankakhala pakampando, akukhazika mavalavu m'malo mwake. Ankapaka mankhwala okhala ngati phala la mchenga m'mphepete mwa valavu, n'kuimata ku kamtengo kokhala ndi mphira kunsonga, n'kumakazunguza pakati pa zikhatho ngati akupekesa moto. Ankaitukula, kuipukuta, kuiyang'ana padzuwa, n'kuyambiranso. Ntchito imeneyo Chitsulo akanaimaliza ndi makina tiyi asanazizire. Iwo valavu imodzi inkawatengera m'mawa wonse, ndipo mlamu uja ankangowasiya, iye akukonza magalimoto ena pambali.

Chimene chinkamuwawa kwambiri chinali kuseka. Masana mlongo wake ankabweretsa chakudya, atatuwo n'kukhala pamatayala akale, madala akusimba za kumabasi. Nkhani zimenezo Chitsulo anazimva mpaka kutopa nazo, ndipo bambo ake akaziyamba iye ankapeza chochita. Koma tsopano anayamba kumatsitsa wailesi kuti amveko. Mawu sankafika, kunkangofika kusekako. Tsiku lina, ali m'kati momvetsera, anamangitsa bawuti ya galimoto ya kasitomala mpaka kuidula, chinthu chimene anasiya kuchita ali mnyamata. Anakalipira bawutiyo, anakalipira amene anaipanga, anakalipiranso wamatayala chifukwa choima pomwe pamalowera kuwala.

Wamatayala yemweyo ndi amene anabwera ndi nkhani yakuti kutsidya asiya kufunafuna. Agula chipepala cha mkuwa, adula okha gasiketi. Anati madala akuti kale basi ikafera kutali ankatero. Chitsulo anaseka mokweza, n'kunena kuti idzadontha isanatuluke pageti. Koma mumtima ankadziwa kuti gasiketi ya mkuwa, ikadulidwa mosamala, imagwira ntchito.

Anawaonerera akuidula. Anaika yakupsa ija pamwamba pa mkuwa n'kulemberera. Mlamu ankaboola, madala n'kumasalaza mabowo ndi tupa, magalasi ali pamphuno. Anachita zimenezo masiku angapo. Atamaliza anaiwotcha pamoto wa gasi mpaka kufiira kuti ifewe, n'kuiviika m'beseni la madzi. Nthunzi itakwera, bambo ake anawomba m'manja ngati mwana.

Madzulo a tsiku limenelo Chitsulo anayambanso kudandaula kunyumba, akuti anthu akuseweretsa injini yabwinobwino. Mkazi wake anasiya zimene ankachita n'kumuyang'ana.

“Mukanawapatsa chija chili pamwamba pa kabati, bwenzi ntchito itatha kalekale, bambo ali kunyumba kwawo. Masiku onsewa mwawawonjezera ndinu.”

Chitsulo sankadziwa kuti mkaziyo akudziwa. Anafunsa kuti anamuuza ndani, iye n'kuyankha kuti tsiku limene anaigula anabwera nayo kunyumba n'kuionetsa aliyense, mpaka ana.

M'mawa mwake anakwera pampando, n'kutsitsa matabwa aja, n'kuwoloka nawo msewu. Anafika akulankhula mokweza, akuti mnzake wina wakutali wamutumizira dzulo lomweli, mwayi wake. Anawaika patebulo n'kumasula chingwe. Gasiketi inali mkati, yatsopano, yosakhudzidwa. Mlamu wake anainyamula ndi manja awiri, n'kunena kuti imeneyi ndiyo yeniyeni, aike yomweyi. Bambo aja sanaigwire. Anayendetsa chala pamwamba pa thabwa, chalacho n'kusiya mzere m'fumbi. Pakona panali ulusi wa kangaude. Anapukuta chalacho pa ovolosi n'kunena kuti mnzakeyo ayenera kuti amakhala kofumbi kwambiri.

Kenako anati aika ya mkuwa, imene anadula okha.

Mlamu wake anapeza chifukwa chopitira kuseri kwa galaja, n'kuwasiya awiri.

“Bambo, ndinalakwa chiyani kuti galimotoyi idutse pageti panga?”

Madalawo anavula magalasi n'kukhala pakampando kaja. “Sunalakwe. Ntchito umaidziwa kuposa mlamu wakoyo, iyenso akudziwa zimenezo. Koma ndikabwera kwa iwe umandikhazika pampando n'kundipatsa nyuzipepala. Ndikati ndigwireko, umati ndidetsa malaya. Pofika madzulo galimoto yatha, ine mkati mwake osaonamo n'komwe, n'kubwerera kunyumba. Chimwalirireni mayi ako, kunyumba kuja ndimalankhula ndi wailesi. Ine sindinkafuna kuti ithe msanga.”

“Ndinkati ndikukupatsani ulemu.”

“Ndikudziwa. Koma ulemu umenewo unkandikalambitsa.”

Chitsulo anatembenukira kumbali. Anayang'ana hedi ija patebulo, mavalavu onse ali m'malo mwake, m'mphepete mukuwala mofanana. Anafuna kupezapo cholakwika, koma panalibe. Zimene bambo ake ananena zinamveka, koma sizinamuchotsere kuwawa kuja. Zinangomuwonjezera kwina: mlamu wake, munthu amene iye anamuphunzitsa kugwira sipanala, anaona chinthu mwa bambo ake chimene iye mwana wobala sanachione.

Anali atayamba kumanga matabwa ake kuti azipita pamene mlamuyo anatulukira. Anati sipanala yake yoyezera mphamvu ya mabawuti sakuikhulupirira masiku ano, ndipo pomanga hedi pamafunika yolondola. Anapempha ngati alamu angabwere ndi yawo, ndiponso ngati angakhalepo pomangapo. Chitsulo anadziwa kuti sipanala ya mlamuyo ilibe vuto lililonse, akungomumvera chisoni. Anatsala pang'ono kukana. Koma ataganiza zobwerera kutsidya n'kumaonerera hedi ya injini imeneyi ikumangidwa iye kulibe, anapita kukaitenga.

Asanaike gasiketi ya mkuwa ija anaitembenuza uku ndi uku padzuwa, kufunafuna. Anapeza bowo limodzi la madzi lili ndi kaminga m'mphepete, ndipo anakaloza mokweza kuti onse amve. Bambo ake anavomera kuti waona bwino, n'kutenga tupa. Kaminga kameneko anakasalaza mosafulumira, Chitsulo ataima pambali, manja akumuyabwa.

Chitsulo anapukuta thunthu la injini mpaka kuyera, n'kugoneka gasiketi. Iye ndi mlamu wake ananyamula hedi, wina uku wina uku, n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Mabawuti amayenera kumangidwa kuyambira apakati kupita kunja, pang'onopang'ono mobwerezabwereza, kuti hedi ikhale mofanana. Chitsulo anatchera sipanala n'kuikoleka pa bawuti yoyamba. Dzanja la bambo ake linafika pa chogwirira. Mawu akuti tasiyani, Bambo, anafika pakamwa, koma anawameza. Anangowauza kuti akoke mosadukiza mpaka imveke kuti tha. Madalawo anakoka, mitsempha ya m'khosi itatuluka, sipanala n'kulira. Anatembenuka akumwetulira, n'kufunsa kuti yotsatira ndi iti. Chitsulo analoza. Anapitiriza choncho, iye akuloza, bambo ake akukoka, kupumira pakati. Lole ya kasitomala inakhala tsiku lonse kutsidya yopanda woigwira.

Zotsala anamaliza mawa lake masana. Anaika paipi yatsopano, anathira madzi ndi oyilo watsopano, n'kulumikiza batire. Wamatayala anabwera kudzaonerera, mlongo wake wa Chitsulo naye anaima pakhomo atapinda manja. Bambo aja analowa n'kupotoza kiyi. Injini inazungulira, n'kutsokomola, n'kukhala chete. Anayesanso. Ulendo uno inagwira, inanjenjemera pang'ono, kenako n'kukhazikika, ikulira mofatsa monga inkalirira Chitsulo ali mwana. Onse anapita kumbuyo kukaona utsi. Woyera uja kunalibe. Madalawo anatuluka n'kumenya mkamwini wawo pamsana, kenako n'kumenyanso mwana wawo. Chitsulo anaona amene anayamba kumenyedwa.

Anati akaiyese pamsewu. Atatu onse anakhala kutsogolo: bambo pa chiwongolero, mlamu pakati mawondo atapanikizika, Chitsulo kuchitseko. Anadutsa masitolo, anthu akuloza, n'kukalowa msewu waukulu. Chitsulo anatchera khutu. Ankafuna amve kugogoda kwinakwake, kaya aone singano ija ikukwera ngakhale pang'ono. Singano inaima pakati osasuntha. Injini inkakoka bwino pachitunda pomwe.

Bambo ake anamufunsa kuti akuimva bwanji.

Chitsulo anati ili bwino. Koma anawonjezera kuti gasiketi ya mkuwa imakhazikika ikatentha n'kuzizira, choncho pakapita masiku hedi iyenera kumangidwanso, ndipo sipanala yake ija ili kwa iye. Mavalavu nawo afunika kuwatcheranso. Atayamba choncho mawu anangobwera okha. Anati mabuleki akukokera kumanzere, ndipo pansi pa mpando pali dzimbiri limene wakhala akuliona kwa zaka, lofunika kupala ndi manja, pang'onopang'ono.

“Ntchito yake ndi yochedwa kwambiri, Bambo. Ndipo ndekha sindingathe, magalimoto andichulukira. Pafunika munthu wokhalapo tsiku lonse.”

Bambo ake sanamuyang'ane. Anasintha giya, pakamwa pakuoneka ngati akubisa kuseka, n'kunena kuti munthu woteroyo mwina angapezeke.

“Zimenezo tikhoza kuchita konkuja,” anatero mlamu uja. Mawu ake anatuluka mofulumira, mosiyana ndi kale lonse. “Dzimbirilo inenso ndinaliona. Ndinagula kale zopalira.”

Madalawo anati aona, galimoto ndi yaikulu, ntchito ikwanira aliyense. Koma anafunsa Chitsulo kuti galaja amatsegula nthawi yanji masiku ano.

Kuchokera pamenepo mlamu uja anangoyang'ana kutsogolo, manja ali pamawondo, nsagwada zitalimba. Chitsulo anamuyang'ana cham'mbali ndipo nkhope imeneyo anaizindikira bwino, inali yomwe iye anakhala nayo masiku onse aja. Anatsitsa galasi, n'kutulutsa chigongono panja, mphepo ikumuwomba. Anapempha bambo ake kuti azungulirenso kamodzi asanabwerere.

Atafika, Chitsulo anatsika, mlamu wake n'kutsika pambuyo pake. Munthu wofatsa uja anamenyetsa chitseko mpaka galasi kunjenjemera, mkazi wake pakhomo paja n'kudzidzimuka.

“Pang'onopang'ono, alamu,” anatero Chitsulo mokoma mtima. “Chitseko sichinalakwe.”